Mfundo za Waya

Ku Concepción mvula imagwa chopingasa,
imalowera m'khosi n'kutsikira kumsana.
Kapitawo wathu Nibaldo satukwana mitambo,
amangopukuta magalasi ndi mpango
n'kuweramiranso pulani yonyowa m'mphepete.

Miyezi itatu tsopano tikungopita pansi.
Odutsa pamsewu amasuzumira pampata wa malata:
kodi mukumanga, kapena mukukumba manda a njovu?
Mwini malo, wa nsapato zosadziwa matope,
analonjeza kale mashopu kwa ogulitsa nsalu,
banki pansi, maofesi pamwamba, nsanjika zisanu ndi imodzi,
koma chomwe akuona ndi dzenje
ndi pampu yolavula madzi usiku wonse.

Nthaka ndiyo inayamba kufunsidwa mafunso.
Anaiboola, natulutsa zigawo zake m'mabokosi:
apa mchenga wa mtsinje wa Biobío, wosadalirika,
apa dongo, ndipo pansi penipeni thanthwe losagonja.
Injiniya Ximena anawerenga dothilo ngati kalata,
nati, mizati itsike mpaka pathanthwe,
isapereŵere ngakhale chala.

Ine yanga ndi yaing'ono.
Ndimamanga zitsulo ndi waya.
China chagona, china chaimirira, pokumana ndipotokole,
kamodzi, kawiri, ndidule, ndisunthe phazi.
Konkire amasenza katundu osadandaula,
koma mukamukoka amang'aluka ngati buledi wadzana;
chitsulo ndicho chimalola kukokedwa.
Aliyense payekha ndi wopereŵera.
Nkhoswe yawo ndine,
ndipo ukwati ukamangidwa, nkhoswe imaiwalika.

Lole ikafika, mimba yake ikuzungulira,
dalaivala amafuna kuthiramo madzi kuti phala liyende msanga.
Ximena amakweza dzanja. Payipi imabwerera pamalo pake.
Amatapako pang'ono, kuthira m'zikombole,
kulemba tsiku pamwamba ndi msomali.
Masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu
timiyala timeneti tigona m'madzi,
kenako makina atiphwanya
kuti timve ngati nyumba ikunena zoona.
Mwini malo amayang'ana wotchi.
Kuona maso a nkhono n'kudekha, bwana.

Lachinayi mnyamata watsopano, Yerko,
anadumpha mfundo zitatu pakona ya mzati.
Ndani adzaziona, anatero,
mawa lomweli konkire azikwirira.
Nibaldo sanakalipe.
Anavula chipewa cholimba, naonetsa chipsera
chochokera pakhutu mpaka pakati pa mutu.
Nthaka ya kuno, anati, imadzuka usiku osagogoda.
Siwerenga zikwangwani, siyang'ana utoto,
imapita molunjika pomwe munthu anachita ulesi.
Sananenenso kuti denga linali la ndani,
kapena amene anagona pambali pake.
Yerko anatola waya.

Masana, tikudya buledi ndi tiyi wa m'fulasiki,
kapu inayamba kuvina yokha pathabwa.
Unyolo wa kireni unalira ngwe, ngwe,
nkhunda zinabalalika, kenako zii.
Kanali kakang'ono, kongotsokomola chabe.
Palibe anayankhula.
Mnyamata uja anatsikira m'dzenje tiyi asanamalize,
tinamuona akuyendera mfundo zake imodzi imodzi ndi chala.

Zotsala zidzabwera pa nthawi yake:
matabwa oumbira, nsanjika pamwamba pa nsanjika,
a mapaipi akukangana ndi a magetsi za bowo limodzi,
masitepe othawira moto, magalasi, chikepe,
woyendera wa kukhonsolo ndi chidindo chake m'thumba.
Tsiku lodula riboni ife tidzakhala kwina,
m'dzenje lina, mvula yomweyi ili m'khosi.

Mtsikana adzayesa nsapato pansanjika yachitatu,
adzaponda kawiri kuti amve ngati zikuthina,
ndipo pansi sipadzayankha kanthu.
Chete ameneyo ndi wanga.
Ndinamupotokola ndi zala zouma ndi chisanu,
kamodzi, kawiri,
n'kudula.